Funsani Aphunzitsi: Malodza, maula ndi ulosi pa Chingerezi

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 kuno kwa Mponda. Pa chimangirizo, a zanyengo akachenjeza asodzi za mwera, ndingalembe kuti "they prophesied"? Nanga malodza ndi maula ndizitchula bwanji? *Wophunzira, Mangochi*

Yankho: Mwanawe, "prophesied" pamenepo ayi. Ife timati kulosera pa zonse, koma Chingerezi chimayamba chafunsa kuti wolosayo wazidziwa bwanji.

Ngati wachita kuyeza ndi zipangizo, monga a zanyengo akamanena kuti mwera uwomba pa nyanja ya Malawi pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mawu ake ndi forecast. Pa zakale ungosiya forecast momwemo. Msodzi wa ku Malindi amene wayang'ana mitambo nanena kuti kunyanja kuipa, kapena iwe poganizira timu yopambana, ndi predict. Usalembe kuti "predict about". Lemba "he predicted a storm".

Prophesy ndi ya mneneri wonena zochokera kwa Mulungu. Apa ambiri amataya malikisi: ulosiwo ndi prophecy, ndi c, ndipo umathera ndi liwu la "si", kunenerako ndi prophesy, ndi s, kumathera ndi "sai". Foretell imalowa ponseponse, koma zakale zake ndi foretold.

Tsono malodza. Kadzidzi kulira padenga usiku, kapena bilimankhwe kukumba pansi, ndi omen. Koma omen payokha siinena zabwino kapena zoipa, pamene malodza athu ndi oipa nthawi zonse. Choncho uziti "a bad omen" kapena "an ill omen", osaiwala kuti ikaima yokha ndi "an omen". Mfotokozi wake, ominous, ndiye amaopseza basi: mitambo yakuda bii pamwamba pa mapiri a Namwera ndi "ominous clouds". Wa zabwino ndi auspicious. Mawu amenewa, pamodzi ndi augury (kulosera poona zizindikiro), adachokera kwa Aroma akale, amene ansembe awo ankayang'ana kauluke ka mbalame boma lisanachite chinthu chachikulu. Portent ndi malodza olosera chinthu chachikulu, monga tsoka logwera anthu ambiri. Pa kadzidzi m'modzi amalemera kwambiri. Pamene palibe chooneka, mtima wokha ukungokuuza kuti kumudzi sikuli bwino, ndi premonition. Za maula uziona m'yankho lotsatirali.

Funso: Ndimaperekeza alendo ku Cape Maclear. Akafunsa za asing'anga, ndiziti "witch doctor"? *Woperekeza alendo, Chembe*

Yankho: Achimwene, mawu amenewo asiyeni, ndi onyoza, ndipo mlendo amamva ngati mukunena mfiti. Woombeza maula ndi diviner, kuombezako ndi divination. Wopereka zitsamba chabe ndi herbalist, ndipo wochita zonse ziwiri mutcheni traditional healer. Fortune-teller sagwirizana kwenikweni ndi sing'anga wathu: ndi uja amauza munthu za ukwati ndi chuma chake cham'tsogolo powerenga mizere ya m'dzanja, yomwe ndi palmistry, kapena makhadi a tarot. Kumaula anthu amapita makamaka kukafufuza chimene chadzetsa matenda kapena tsoka lomwe lagwa kale. Mukawafotokozera choncho, nenani kuti "he finds the cause", musanatchule zam'tsogolo.