Mlembi akubwera kusukulu kwathu, tichite naye chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ana a zaka 10 mpaka 12. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Mlembi wina wa mabuku a ana wavomera kudzacheza kusukulu kwathu m'mawa umodzi wokha. Ana anga ndikawapatsa chimangirizo, onse amalemba zofanana ngati anakopera kwa munthu mmodzi. Kodi ulendo wa maola awiri ungasinthe kanthu? Nanga ndimupemphe kuti adzachite chiyani?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Inde, ulendowo ungasinthe zinthu, koma pawokha sungafike patali. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kalumoko mlembi wanuyo adzabwera nakodi, koma wotsala akumeta chaka chonse ndinu.

Ndiyambe ndi zimangirizo zofananazo. Musaganize kuti ana anuwo alibe nkhani m'mutu. Kaimeni chapafupi nthawi yopuma mumve mmene amasimbirana: amasintha mawu potsanzira munthu, amakokomeza, amadziwa poima kuti anzawo afunse kuti "ndiye zinatha bwanji?" Luso lonselo limathawa akangotsegula kope, chifukwa anaphunzira kale kuti kope ndi malo ogwidwirapo zolakwa. Mwana amene ntchito yake imabwerera itafiira ndi cholembera chochongera amachenjera. Amangolemba mawu okhawo amene akudziwa kalembedwe kake, ndi ziganizo zokhazo zimene anaona kuti zimapatsa malikisi. Ana onse akachenjera chimodzimodzi, amalembanso chimodzimodzi.

Apa ndiye pamene mlembi amathandiza. Ana ambiri amaona ngati buku limangobadwa lili losalala, lopanda cholakwika, ndipo sadziwa kuti kumbuyo kwake kuli munthu amene anafufuta, kung'amba mapepala ndi kuyambiranso. Choncho pempho lanu loyamba likhale lakuti adzabwere ndi zolemba zake zoyambirira, zija zokhwatchakhwatcha, pamodzi ndi buku losindikizidwalo. Aziyendetse m'manja mwa ana. Mwana akaona kuti munthu amene dzina lake lili pachikuto anasintha chiganizo choyamba kangapo konse, amayamba kuona kufufuta ngati mbali ya ntchito, osati chizindikiro cha umbuli.

Pempho lachiwiri: asadzalankhule nthawi yaitali. Ndimamva chisoni ndikaona sukulu yasonkhanitsa ana onse pabwalo, mlendo n'kuima kutsogolo ola lathunthu kufotokoza mbiri ya moyo wake, ana n'kuomba m'manja, basi kwatha. Palibe mwana walemba ngakhale liwu limodzi. Kuli bwino acheze ndi kalasi imodzi, awerenge mokweza kwa mphindi 10, kenaka atenge choko alembe limodzi ndi anawo.

Alembe chiyani? Pali njira ziwiri zimene ndimazikhulupirira, ndipo zonse zinachokera kwa alembi amene anakhaladi m'kalasi. Mu 1968 mlakatuli wa ku America, Kenneth Koch, anayamba kuphunzitsa ana a pasukulu ya P.S. 61 ku New York kulemba ndakatulo. Anaona kuti akawauza kuti mizere izithera ndi mawu omveka mofanana, ana ankatanganidwa ndi kusaka mawuwo n'kutaya zimene ankafuna kunena. Iye anachotsa lamulolo n'kuwapatsa poyambira posavuta: mzere uliwonse uyambe ndi mawu osonyeza chimene ukulakalaka, kapena mzere uliwonse ukhale bodza. Za kalembedwe ka mawu anawauza kuti asade nazo nkhawa pa nthawi yolembayo. Taganizani mwana amene moyo wake wonse amauzidwa kuti asaname, lero akuuzidwa kuti alembe bodza lalikulu koposa la mnzake. "Ndinameza mwezi dzulo, n'chifukwa chake kunja kunali mdima." Akangolemba mzere umodzi wotere, wachiwiri umabwera wokha.

Njira inayo ndi ya Gianni Rodari wa ku Italy, amene anaifotokoza m'buku lake la 1973 la kapekedwe ka nkhani. Ana awiri amalemba liwu limodzi aliyense, wina osaona la mnzake, ndipo kalasi yonse imapeka nkhani yolumikiza mawu awiriwo. Chitsanzo chake chinali galu ndi kabati. Mawuwo ayenera kukhala otalikirana, chifukwa akakhala apachibale, monga galu ndi fupa, nkhani yake aliyense akuidziwa kale. Koma galu ndi kabati zimakakamiza mutu kugwira ntchito: kodi galuyo amakhala m'kabatimo? Kapena akuyenda ataisenza kumsana? Akupita nayo kuti, ndipo muli chiyani? Mlembi waluso akaima pabolodi n'kumatola mayankho a ana, kukana ena mwaulemu, kufunsa kuti "chifukwa chiyani?", ana amaona ndi maso awo mmene mpangankhani, amene nkhaniyo ikukamba za iye, amapezera vuto, ndi mmene vutolo limakokera nkhani kutsogolo.

Mlendo asanafike, awerengereni ana nkhani yake imodzi mokweza, ngakhale pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kuti asadzakumane ndi munthu amene sakumudziwa n'komwe. Akonzeretu mafunso ochokera m'nkhaniyo. Mukambiranenso ndi mlembiyo za msinkhu wa ana, chiwerengero chawo ndi chiyankhulo chimene amamasuka nacho. Pa tsikulo, aloleni alembe m'chiyankhulo chimene amaganiziramo. Za ndalama ya ulendo ndi nthawi yake mugwirizane poyera pachiyambi pomwe, poti kulemba ndi ntchito ngati ina iliyonse.

Tsikulo likafika, musatuluke m'kalasi, ndipo musakhale kumbuyo n'kumachonga makope a phunziro lina. Khalani pakati pa ana, mulembe nanu, ndipo muwerenge zimene mwalembazo mokweza ngakhale zisanakome. Izi ndimaziona kuti n'zofunika kuposa china chilichonse pa tsikulo. Mlendo adzapita, koma ana adzakumbukira kuti aphunzitsi awo nawonso anafufuta mzere pamaso pawo. Palinso chifukwa china chokhalira momwemo. Ana akamasuka amalemba zoona, ndipo nthawi zina mwana amaika papepala chinthu chopweteka chimene sananenepo kwa aliyense. Mlendo sadziwa mwanayo. Inu ndi amene mungazindikire kuti iyi si nkhani yopeka, n'kutsata njira zimene sukulu yanu inakhazikitsa zotetezera ana. Pa chifukwa chomwechi, musakakamize mwana aliyense kuwerenga zake pagulu.

Tsopano za m'mawa mwake, mame atakamuka. Patulani kope lina, kapena masamba akumapeto a kope, kumene cholembera chofiira sichifikako. Mphindi 15, katatu pa sabata, n'zokwanira. Poyankha zimene mwana walemba, tchulani chinthu chimodzi chimene chakugwirani mtima, mufunsenso funso limodzi lenileni: "Nanga mlongo wakeyo anamva bwanji atapeza chitseko chili chotsekula?" Funso lotere limabweza mwana ku nkhani yake kuposa kulemba kuti "onjezera".

Mwina mukuti, nanga mayeso? Nanga mipumiro ndi mipatuliro? Zimenezo zili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi pamene nkhani ikupita kwa owerenga. Mphunzitsi wa ku France, Célestin Freinet, analowetsa makina aang'ono osindikizira m'kalasi mwake ku Bar-sur-Loup mu 1924. Ana ankalemba zimene akufuna, kalasi n'kusankha nkhani imodzi, kuikonza pamodzi, kenaka kuisindikiza, ndipo patapita nthawi anayamba kutumizirana zolembazo ndi ana a sukulu ina ya ku Brittany, chigawo china cha ku France komweko. Mwana akadziwa kuti anthu ena adzawerenga nkhani yake, amafuna yekha kuti mpumiro ukhale pamalo pake. Galamala imene amaphunzira pokonza nkhani yakeyake ndi yomweyo imene adzalembere mayeso.

Inu simukusowa makina. Mapepala opindidwa pakati n'kusokedwa ndi ulusi ndi buku kale. Mwana aliyense asankhe yekha nkhani kapena ndakatulo imodzi, aikonze, ailembe bwino, ndipo pasakhale wotsala, ngakhale uja amene wakwanitsa mizere itatu yokha. Musachite mpikisano wosankha atatu opambana, chifukwa otsalawo adzamva kuti kulemba ndi kwa ena. Mukamakambirana ndi mlembiyo sabata ino, mupempheni ngati angalole kuti pakutha pa teremu mumutumizire kabukuko, iye n'kuyankha ndi kalata imodzi yopita kwa kalasi yonse. Akavomera, auzeni anawo pa tsiku la ulendolo iye ali pomwepo, kuti ayambe kulemba akudziwa amene akudikira kuwerenga.