Kodi ntchito ya helikopita za panyanja ndi yodalirika? Yankho kwa mayi wa ku Scotland

Mayi wina wa ku Glasgow anandilembera imelo sabata yatha. Amuna awo ndi makaniko wa ndege, ndipo aitanidwa ku Aberdeen ndi kampani yomwe imanyamula antchito pa helikopita kupita nawo ku nsanja zokumbirapo mafuta m'nyanja ya North Sea. Malipiro ake ndi okwera, koma mayiwa anamva kuti makampani otere sachedwa kugwa, choncho akufunsa ngati n'kwanzeru kusamuka ndi ana atatu.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Pakati pa chaka cha 2014 mgolo wa mafuta unkagulitsidwa pa madola oposa 100, koma pofika Januwale 2016 sunkafikanso pa madola 30. Kampani ya helikopita ya CHC inathamangira kukhothi ku America mu Meyi 2016 kukapempha chitetezo kwa amene inali nawo ngongole, potsatira lamulo la Chapter 11. Kampani ina ya helikopita ya PHI inachitanso chimodzimodzi mu Malichi 2019, ndipo inzake ya Bristow inatsatira mu Meyi chaka chomwecho. Onse atatu anapulumuka, ndipo helikopita zawo sizinasiye kuuluka pamene milandu inali mkati.

Komabe chimene ndikufuna kuti muchimvetsetse si dzina la kampani ayi, koma mgwirizano umene abambowo akagwirepo ntchito. Helikopita zambiri za makampaniwa ndi zobwereka kapena zogula pa ngongole, ndipo ndalama zake zimalipiridwa mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, pamene kampani ya mafuta kawirikawiri imakhala ndi ufulu wothetsa mgwirizano itangopereka chidziwitso cha miyezi yochepa. Mgwirizano ukatha, helikopita imakankhidwira m'shedi, mapiko ake atakutidwa, koma mwini wake amafunabe ndalama yake mwezi ukatha. Zikatero, chimene bwana angachepetse msanga ndi chiwerengero cha antchito. Kwa ine uku n'kupanda chilungamo, chifukwa amene amanga nati iliyonse usiku wozizira sakhalapo pamene mitengo ikukambidwa.

Chachiwiri ndi mtundu wa helikopita. Pa 29 Epulo 2016, helikopita ya Super Puma EC225 inagwa ku Turøy pafupi ndi Bergen ku Norway, mapiko ake aakulu atachoka chifukwa cha giya yomwe inathyoka mkati mwa giyabokosi, ndipo anthu onse 13 anamwalira. Norway ndi Britain analetsa mtunduwu kuuluka, ndipo ngakhale chiletso chinachotsedwa mu 2017, antchito ambiri a pansanja sanafunenso kuikwera. Makaniko amene chilolezo chake chinali cha mtundu umodzi wokhawu anafunika kuphunzira mtundu wina kuti ntchito ipitirire. Choncho abambowo afunse ngati adzagwira pa Sikorsky S-92, Airbus H175 kapena Leonardo AW139, komanso ngati kampani idzawalipirira maphunziro a mtundu wachiwiri, ndi ndalama zimene adzayenera kubweza akachoka msanga.

Ntchito yopulumutsa anthu panyanja ndiyo yokhazikikako, chifukwa amalipira ndi boma. Bristow inapatsidwa mgwirizano wotere ndi boma la Britain mu 2013, ndi wina mu 2022. Ngati pali mwayi wolowera mbali imeneyo, musaupeputse.

Munanenanso kuti chitupa chanu chokhalira m'dziko chimadalira wolemba ntchito. Apa m'pamene mtima wanga uli m'mwamba, chifukwa munthu wa visa ya Skilled Worker akachotsedwa ntchito, kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze kampani ina yomuimira. Ndikanakhala ine, ndikanalola abambowo atsogole okha miyezi yoyeserera, ana apitirize sukulu ku Glasgow, ndipo asanasaine chilichonse apemphe kuti awalembere tsiku limene mgwirizano wa kampani ya mafutayo udzathe.