Boma la America "likatseka", mwana wanu ku Indiana zimamukhudza bwanji?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo mantha akuonekeratu m'mawu ake. Mwana wawo wamkazi amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo ali ndi ana awiri. Amayiwa amamva pa wailesi kuti boma la America latseka, kapena latsala pang'ono kutseka, ndiye akufunsa kuti: kodi mwana wanga amalipidwa nthawi ngati imeneyo? Nanga adzukulu amapita kusukulu? Mwanayo akafunsidwa amangoti "zili bwino amayi", koma iwo sakhulupirira.

Amayi, khazikitsani mtima pansi kaye. Mawu oti boma latseka amaopsa kuposa zomwe zimachitikadi, ngakhale kuti alipo anthu amene amagona ndi njala chifukwa cha zimenezi.

Kwathu kuno tikati boma, timatanthauza limodzi, la ku Capital Hill. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, onse malipiro awo amachokera m'thumba limodzi. Ku America munthu amakhala pansi pa maboma atatu nthawi imodzi: boma lalikulu la ku Washington, boma la chigawo chake (zigawozi zilipo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, aphungu ake ndi misonkho yake), ndi khonsolo ya mzinda kapena dera. Lomwe limatseka mukamva pa wailesi ndi la ku Washington lokha, ndipo nalonso silitseka lonse.

Chaka cha ndalama cha boma lalikululi chimayamba pa 1 October. Pofika tsikulo aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya boma lalikululi, amayenera kukhala atavomereza ndalama za maunduna, kapena kuvomereza kuti boma lipitirize kaye ndi bajeti yakale kwa milungu ingapo. Akalephera, pali lamulo lotchedwa Antideficiency Act lomwe limaletsa wogwira ntchito m'boma kuwononga ndalama imene aphungu sanavomereze. Kale maunduna ankangopitiriza ntchito podziwa kuti ndalama zibwera, koma mu 1980 ndi 1981 mkulu wa zamalamulo m'bomalo, Benjamin Civiletti, anamasulira lamuloli mokhwima, kuti ntchito ziyenera kuima kupatula zoteteza moyo ndi katundu. Chikhalidwe chotseka boma chinayambira pamenepo. Ndipo poti ku Senate, imodzi mwa nthambi ziwiri za Congress, bajeti imafuna mavoti 60 mwa 100, chipani chochepa chimatha kuumitsa khosi mpaka zake zimveke.

Inu ndi ine tikukumbukira 2007, pamene aphungu athu anakanirira bajeti ya a Bingu wa Mutharika chifukwa cha nkhani ya Gawo 65. Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo athu ali ndi khomo lolola boma kugwiritsa ntchito ndalama kwa miyezi inayi podikira bajeti. Anzathuwa akapanda kugwirizana, maofesi amakhomedwadi.

Zachitikapo kangapo. Nthawi ya Bill Clinton, kumapeto kwa 1995 kulowa 1996, boma linatseka masiku 21. Mu 2013, nthawi ya Barack Obama, masiku 16. Kuyambira December 2018 mpaka January 2019, pa mkangano wa khoma la m'malire a Mexico, masiku 35, ndipo antchito pafupifupi 800,000 anakhala osalandira malipiro. Kenaka mu 2025, kuyambira 1 October mpaka 12 November, masiku 43, pokanganirana za thandizo la inshuwalansi ya zaumoyo.

Tsopano za mwana wanu. Funso lofunika kumufunsa si loti "boma latseka?" koma loti "ndalama zako zimachokera kuti?" Ngati amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, womulemba ntchito ndi kampani, osati boma. Nyumba zoterezi zimadalira kwambiri ndalama za Medicaid ndi Medicare, ndondomeko za boma zolipirira chithandizo cha zaumoyo cha osauka ndi okalamba, ndipo ndalama zimenezi sizimaima boma likatseka, chifukwa zinakhazikitsidwa ndi malamulo akeake. Penshoni ya okalamba ya Social Security nayo imabwera monga mwa nthawi zonse. Makalata amayenda, poti positi ofesi imadzipezera yokha ndalama. Sukulu za adzukulu zimatsegula, chifukwa ndalama zake zambiri zimachokera ku boma la chigawo ndi ku msonkho wa nyumba ndi malo. Za ku Washington ndi gawo laling'ono, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Apolisi a mumzinda ndi ozimitsa moto ndi a khonsolo. Ndiye akamati zili bwino, mwina sakukunamizani.

Koma alipo omwe zimawapweteka, ndipo si a ku Washington okha ayi, poti antchito a boma lalikulu ambiri amakhala kunja kwa likululo. Ena amauzidwa kuti akhale kunyumba. Ena, monga osecha katundu pabwalo la ndege ndi oongolera ndege, amakakamizidwa kugwira ntchito popanda malipiro. Kuyambira 2019 lamulo limati onsewa adzalandire ndalama zawo boma likatsegula, koma mwini nyumba sadikira Congress, lendi amaifuna tsiku lake. Omwe ndimawamvera chisoni kwambiri ndi antchito a makontirakitala, osesa ndi alonda a m'maofesi a boma: iwowa lamulo lija siliwakhudza, masiku otayika amatayikiratu. Ndipo wogulitsa chakudya pafupi ndi ofesi yotsekedwa palibe yemwe amamuwerengera.

Chomwe chinandidabwitsa mu 2025 ndi nkhani ya chakudya. Kuli ndondomeko yotchedwa SNAP, yomwe imathandiza anthu pafupifupi 42 miliyoni kugula chakudya mwezi ndi mwezi. Ndalama imalowa pa khadi. M'mbuyomu boma likatseka ankapeza njira yoti khadilo lisaume. Mu November 2025 linauma. Nkhani inapita kumakhoti, ku Rhode Island ndi ku Massachusetts, mpaka kukhoti lalikulu, uku mabanja akufola pamizere ya chakudya chaulere kumatchalitchi. Malo ena a Head Start, omwe ali ngati sukulu za mkombaphala za ana a mabanja osauka, anatseka zitseko, ndipo mayi amene mwana wake alibe kopita sangapite kuntchito. Mwezi womwewo boma linalamula kuti maulendo a ndege achepetsedwe pamabwalo akuluakulu 40, oongolera ndege atatopa. Apa mukhoza kuona kuti wolemera amadandaula ndege yachedwa, wosauka amadandaula mphika.

Apa ndi pamene boma la chigawo limaonekera mphamvu ndi kufooka kwake. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe zigawo zimagwiritsa ntchito limachokera ku Washington. Mpopi ukatsekedwa, bwanamkubwa amasankha: atape m'nkhokwe ya chigawo kapena anthu adikire. Mu 2013 Utah inalipira yokha kuti mapaki ake atsegulidwe, Arizona inalipirira paki ya Grand Canyon, New York inalipirira chiboliboli cha Statue of Liberty, chifukwa mahotela ndi malo odyera a m'madera amenewo amadalira alendo. Koma chigawo sichingasindikize ndalama, ndipo zonse kupatula Vermont zili ndi lamulo loti bajeti isapose ndalama zolowa. Choncho anthu awiri osauka mofanana, wina ku chigawo cha nkhokwe yodzaza, wina ku chigawo chouma, amakumana ndi mwezi wosiyana kwambiri.

Ndipo zigawo nazo zimatseka pazokha, ngakhale wailesi zathu sizinena. Zambiri, kuphatikizapo Indiana, chaka chawo cha ndalama chimayamba pa 1 July. Minnesota inatseka masiku 20 mu 2011, antchito masauzande ambiri anakhala pakhomo. New Jersey inatseka masiku atatu mu 2017, ndipo bwanamkubwa Chris Christie anajambulidwa akuwothera dzuwa ndi banja lake pagombe lomwe anthu wamba anali atawatsekera. Andale ndi amodzi kulikonse, amayi. Illinois, yoyandikana ndi Indiana, inakhala zaka ziwiri, 2015 mpaka 2017, popanda bajeti yathunthu. Mayunivesite anachotsa antchito, mabungwe osamalira olumala ndi okalamba anadikira malipiro miyezi yambiri, ena anatsekeratu.

M'maganizo mwanga, pa ntchito ngati ya mwana wanu, bajeti ya ku Indianapolis, likulu la Indiana, ndiyo yofunika kuitchera khutu kuposa phokoso la ku Washington. Indiana imapanga bajeti yake kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo ndi mmenemo momwe amagamula kuti nyumba za okalamba zizilandira zingati za Medicaid, kuti sukulu zilandire zingati pa mwana aliyense, ndi kuti thandizo lolipirira olera ana lifikire mabanja angati. Akadula pamenepo, palibe amalengeza kuti boma latseka. Zimangooneka kuti maola a ntchito achepa, malipiro sakukwera, kapena dzina lili pamndandanda wodikira.

Ngati pali nkhani ya mapepala, maofesi a visa ndi mapasipoti amapitiriza ntchito chifukwa amayendera ndalama zomwe anthu amalipira, koma milandu ya kukhoti la zolowa ndi kutuluka ya anthu omwe sali m'chitokosi inaimitsidwa mu 2019, ndipo ena anapatsidwa tsiku latsopano patapita zaka.

Mukamuimbira Lamlungu, musamufunse za Congress. Mufunseni ngati maola ake a ntchito ali momwemo, ngati ana amadalira khadi la chakudya kapena WIC ya mkaka wa makanda, ndi ngati bambo a ana amagwira ntchito ya boma kapena ya kontirakitala. Akayankha mozemba pa limodzi mwa mafunso amenewa, mwezi umenewo muuzeni nokha kuti ndalama ya feteleza ikhoza kudikira kaye, chifukwa ana athu ali kunjawa satha kunena kuti "amayi, mwezi uno ndilibe".