Kodi Mlangizi wa Zamagetsi Amagwira Ntchito Yanji?

FUNSO: Mwana wanga akumaliza maphunziro a sayansi ku University of Malawi konkuno ku Zomba, ndipo akuti akufuna kudzakhala mlangizi wa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi ndi ndondomeko zake. Ine ndimangodziwa amisiri a ESCOM okwera mapolo. Kodi ntchito imeneyi munthu angadyereko? — Mayi wa ku Matawale

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa ntchitoyi ilipo ndithu ndipo dziko lathu likuifuna. Mlangizi wotere amaitanidwa ndi mwini hotela, chigayo, sukulu yogonera konko kapena fakitale kuti afufuze kumene mayunitsi akuthera. Amatenga mabilu a miyezi ingapo, nkuyenda chipinda ndi chipinda ndi kachipangizo koyezera, kuona giza yomwe imayaka usiku wonse popanda wosamba, mota yakale yomwe ikudya magetsi mopyola muyeso, ndi furiji yomwe chitseko chake sichitsekeka bwino.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 5 pa tsiku limatha mayunitsi 9 pa mwezi, pomwe la LED la mawati 9, lowala pafupifupi chimodzimodzi, silifika ngakhale mayunitsi 2. Sukulu ya mababu 100 ikasintha onsewo, imapulumutsa mayunitsi oposa 750 mwezi uliwonse. Mwini wake akaona chiwerengero chotere papepala, sazengereza kulipira amene wamutsegula maso.

Mbali ya ndondomeko ndi yolemererapo. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'chifukwa chake namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi anakhala akuzimazima m'dziko muno kwa miyezi yambiri. Boma, bungwe la MERA lomwe limavomereza mitengo ya magetsi, kampani ya EGENCO yomwe inayamba kupanga magetsi payokha mu 2017, komanso mabungwe otithandiza, onsewa amafuna anthu odziwa kusanthula ziwerengero ndi kulemba malangizo omveka bwino pa nkhani zotere.

Koma chimene ndimachiona kuti achinyamata ambiri amachiiwala ndi kukhitchini. Mabanja ochuluka m'Malawi muno amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo inu nomwe mumaona njinga zikutsika m'mamawa ndi matumba a makala pomwe mapiri a Zomba ndi Malosa akuyera. Mlangizi amene sanakhalepo pansi ndi mayi wophikira pamafuwa, nkumva chifukwa chake mbaula ya chitetezo anaiika pambali, adzalemba lipoti lokongola lomwe silidzasintha kanthu.

Ndisakubisireni, poyambira pamavuta. Ntchito za ulangizi zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo palibe amene amapereka kontirakiti kwa munthu wongotuluka kumene pasukulu. Ndi bwino ayambe walembedwa ntchito kwa zaka zingapo, kaya kukampani yoika magetsi a dzuwa kaya kubungwe, kenaka adzaonjezere maphunziro, monga a mphamvu zosatha, za dzuwa, mphepo ndi madzi, omwe amaphunzitsidwa ku Mzuzu University. Pakali pano mupatseni malisiti a mayunitsi a pakhomo panu a miyezi 6, awerengere chipangizo chilichonse, ndipo akuuzeni chomwe chikukudyerani ndalama.