Kodi kompyuta ingayeze magazi a mumtima popanda kulowetsa waya?

FUNSO: Adokotala, bambo anga a zaka 63 amamva chifuwa kuthina akayenda mwandawala kapena akakwera masitepe. Atapita ku India anawajambula pa CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, n'kuwauza kuti mtsempha umodzi wa mtima wachepa ndi theka. Koma anati asanaike stent (kachubu koika mumtsempha kuti njira itseguke), zithunzizo ziyambe zalowa mu kompyuta kuti iwerengere mmene magazi akudutsira. Kompyuta ingadziwe bwanji zimenezi isanakhudze thupi la munthu? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, madokotalawo anachita bwino kusathamangira stent. Chithunzi chimangoonetsa kuti njira yachepa. Sichinena ngati mnofu wa mtima ukuperewedwadi magazi, ndipo funso lenileni ndi limenelo.

Mitsempha yodyetsa mtima ndi yaing'ono, mamilimita 3 kapena 4 m'mimba mwake, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Munthu akakhala phee, imadutsitsa magazi okwana pafupifupi mamililita 250 pa mphindi, koma akamalima kapena kuthamanga mtima umafuna ochuluka kanayi kapena kasanu. N'chifukwa chake bambo samva kanthu ali pampando, koma pamasitepe. Ganizirani paipi ya madzi imene yamanga dzimbiri mkati: mukatsegula mpopi umodzi madzi amatuluka bwinobwino, mukatsegula itatu presha imagwa.

Njira yakale yoyezera imatchedwa FFR. Amalowetsa waya woonda kwambiri pa mtsempha wa pamkono kapena wa m'ntchafu mpaka kudutsa pamalo pochepapo, n'kupereka mankhwala a adenosine kuti mitsempha itseguke yonse, kenaka n'kuyerekeza presha ya magazi amene adutsa kale potsekekapo ndi ya mumtsempha waukulu wochokera mumtima. Nambala yotuluka poyerekezapo ikapezeka 0.80 kapena kutsika apo, ndiye kuti magazi akuperewera.

Kompyuta imafuna nambala yomweyo, koma poiwerengera. Kuchokera pa zithunzi za CT imaumba chifanizo cha mitsempha ya munthuyo, ndi nthambi zake ndi mokhota monse, n'kuchigawa tizidutswa mamiliyoni. Imayerekeza kuchuluka kwa magazi amene mtimawo umafuna poona kukula kwa mnofu wake, imauika ngati uli pa ntchito yolemetsa, kenaka pa kachidutswa kalikonse imawerengera liwiro ndi presha pogwiritsa ntchito masamu a Navier-Stokes, omwewo amene mainjiniya amawerengera nawo madzi ndi mphepo. Zotsatira zimabwera ngati mapu a mitundu, nambala italembedwa pa nthambi iliyonse. Njira yotereyi ya kampani ya HeartFlow inavomerezedwa ku America mu 2014, ndipo bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linailimbikitsa mu 2017.

Chimene maso sangathe n'chakuti kuchepa kofanana sikuvulaza mofanana. Mu paipi yowongoka, m'mimba mukachepa ndi theka, madzi amavutika kudutsa kuwirikiza ka 16. Ndiye onjezanipo kutalika kwa potsekekapo, ngati pali pokhota, komanso kukula kwa dera la mtima limene nthambiyo imadyetsa. Theka pa mtsempha wa kutsogolo, umene madokotala amautcha LAD, lingakhale nkhani yaikulu, pomwe theka lomwelo pa kanthambi kakang'ono mankhwala okha angakwanire.

Koma kompyuta imangodya zimene yapatsidwa. Chithunzi chikachita mbuu, nambala nayo imasokera. N'chifukwa chake asanajambule amapereka mankhwala otsitsa kugunda kwa mtima kufika cha m'ma 60 pa mphindi, kambewu ka nitroglycerin kunsi kwa lilime kotambasula mitsempha, ndi utoto wa ayodini wobaya pamkono, n'kuuza munthu kuti agwire mpweya kwa masekondi pafupifupi 10. Akapuma kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, m'mphepete mwa mitsempha simuoneka bwino. Kashiamu wochuluka m'khoma la mtsempha amawala kwambiri pa chithunzi moti njira imaoneka yopapatiza kuposa mmene ilili. Stent yakale imachitanso chimodzimodzi. Utotowo umalemetsa impso, choncho aziyeza kaye creatinine m'magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito, makamaka kwa odwala shuga. Ndipo nambala ikagwera pakati pa 0.76 ndi 0.80, dokotala wosamala amaonanso zizindikiro za wodwala, mwinanso kutsimikiza ndi waya.

Tikupempheni chinthu chimodzi. Nambala ikatuluka yabwino, bambo asati achira. Mafuta amene achepetsa njira adakali m'khoma la mtsempha, ndipo akhoza kuphulika n'kuumitsa magazi ngakhale pamalo pamene kompyuta inati pakudutsa bwino. Apitirize mankhwala otsitsa mafuta ndi a BP, ayezetse shuga, fodya asiyiretu, mchere achepetse m'ndiwo. Musunge CD ya zithunzi pamodzi ndi lipoti lake m'buku lawo la kuchipatala kuti dokotala wa kuno aone pamene anzake anasiyira.

Chifuwa chikawathina ali chikhalire, ululu n'kumafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, osaleka patatha mphindi 15, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto muthamangire nawo ku Kamuzu Central kapena chipatala chilichonse chapafupi chimene chili ndi makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima.