Funsani Amakanika: kaphokoso ka m'mawa pa galimoto ya liwiro, ndigule kapena ndisiye?

FUNSO: Amakanika, ndapeza BMW M3 E46 ya 2003, bodi ndi yoyera bwinobwino ndipo mtengo wandikoka kwambiri. Koma injini ikamalira pamamveka kaphokoso ngati tizitsulo tikugundana kutsogoloku, komanso nyali ya cheki injini imayaka kenako nkuzima yokha. Mwini wake akuti ndi ka sensa chabe, akuti VANOS zonse zimatero. Ndipereke ndalama? Wokonda Liwiro

YANKHO: Achimwene, musapereke kaye. Mawu akuti ndi ka sensa chabe ndimawakana nthawi zonse pa zifukwa zosavuta, ikanakhaladi sensa mwini wakeyo akanaisintha kale nkukugulitsani galimoto pa mtengo wokwera, chifukwa sensa ndi chinthu chotchipa pa injini imeneyo.

Ndifotokoze pang'ono kuti timvane. VANOS ndi dzina la BMW, anayamba nayo mu 1992, Toyota amati VVT-i, Subaru amati AVCS, Porsche amati VarioCam, koma ntchito ndi imodzi, kupotoza kamushafuti pang'ono injini ikulira kuti ma valavu azitseguka msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene mwapondera. Nchifukwa chake galimoto izi zimakoka bwino pansi komanso zikafika pamwamba sizitha mpweya. Ndiye chimene chimakankha zonsezi ndi oilo wa mu injini yemweyo. Kompyuta imauza solenoidi, kavalavu ka magetsi, solenoidi imatsegulira oilo njira, oiloyo nkukankha giya ya kumutu kwa kamushafuti. Oilo akakhala wakuda, wolimba mosayenera kapena alibe puresha, zonse zimasokonekera ngakhale ma pati onse ali bwino.

Apa nde pamene pali nkhani ya ndalama. Chizindikiro chimodzi chomwecho, kaya phokoso kaya khodi (nambala ya vuto yomwe kompyuta imaonetsa) ya P0011 kapena P0014, chimatha kuchokera pa kasefa kakang'ono kotsekeka kongofunika kutsuka, kapena solenoidi yomwe mekaniki amasintha asanamalize ola, kapena giya yakutha ndi tcheni chotambasuka zomwe zimafuna kumasula kutsogolo konse kwa injini, kapena choipitsitsa, injini yomwe yataya puresha chifukwa ma beyaringi atha. Kuyambira poyamba kufika pomalizapo ndalama zimasiyana kutalitali, ndipo ndi khutu lokha simungadziwe kuti muli pati. Pa galimoto za liwiro chimene chimapweteka kawirikawiri si sipeya ayi, ndi maola a ntchito ndi zida zapadera zotsekera tayimingi zomwe si galaja iliyonse ili nazo. Chitsanzo Audi S4 ya V8 4.2, ma tcheni ake ali kumbuyo kwa injini, kuti muwafike injini yonse imatuluka.

Tibwere ku yanuyo. M3 E46 ili ndi injini ya S54, imafika 8,000 rpm, ndipo VANOS yake si yofanana ndi ya ma 320i ndi 330i a nthawi imeneyo omwe vuto lawo lalikulu ndi timalabala ta mkati touma. Ya S54 ili ndi kapampu kakekake kokweza puresha kufika cha mma 100 bar, ndipo kapampuko kamazunguzidwa ndi timano tiwiri ta pa habu ya kamushafuti ya ekizozi. Timano timeneti timathyoka, ndi nthenda yodziwika pa injini iyi, ndipo kachidutswa kakagwera mu tcheni nkhani imakhala ya injini ina. Ma bawuti a giya ya kamushafuti nawonso amamasuka okha. Cheki injini yoyaka nkuzimayo itha kukhala ma waya a m'kabokosi ka ma solenoidi omwe amasweka polumikizira, chimenecho si chodula kwenikweni, koma phokoso lija ndi limene likundidetsa nkhawa. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kutsegula kavala ya pamwamba nkuona timanoto ndi ma bawutiwo ndi maso. Mumuuze mwini wake kuti mulipira nokha ntchito yotsegulayo kwa mekaniki wodziwa BMW. Akakana, mwapeza yankho lanu.

Tsiku lokaona muuzeni asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja, ikakhala yofunda bwererani mudzabwere tsiku lina, chifukwa phokoso lambiri la VVT, dzina lophatikiza VANOS ndi zinzake zija, limamveka masekondi oyambirira okha oilo asanakwere, ikatentha limabisala. Tsegulani potsirira oilo muunike ndi tochi, mukaona zakuda zokhuthala zomata ngati phala lopserera dziwani kuti sevisi imadumphidwa ndipo tinjira ta oilo tonse tili choncho. Funsani oilo amene amathira, S54 imafuna 10W-60, ndipo mufunse ma risiti osati pakamwa. Kenako kompyuta. Musakhutire poti palibe khodi, onani ngati ma readiness monitor, mayeso omwe kompyuta imadzichitira yokha galimoto ikamayenda, ali okonzeka, akakhala ambiri sanamalize ndiye kuti wina wafufuta ma khodi posachedwa kapena wachotsa batire. Mekaniki aonenso ngodya yomwe kompyuta ikulamula ndi yomwe kamushafuti yafikadi, ziwirizi zizitsatana mwachangu mukaponda. Ndipo poti mwafika kale pamenepo funsaninso za ma beyaringi a ma konirodi, S54 zoyambirira zinali ndi vuto limeneli mpaka BMW inasintha ena. Galimoto ndi yabwino zedi, ineyo ndimaikonda, koma muigule mutaona mkati ndipo mtengo wokonzera uchotsedwe pa mtengo wogulira, wolembedwa ndi amene akakonzeyo.

FUNSO: Ine ndikufuna Nissan 350Z ya 2007. Wogulitsa ndi wachilungamo, wandiuza yekha kuti imabweretsa P0011 ndi P0021, wasintha kale ma solenoidi onse koma zikubwerabe injini ikatentha. Mwina anagula ma feki? Mayi Woyendetsa

YANKHO: Mayi, kutheka kuti ndi ma feki kulipo, koma taonani, P0011 ndi mbali imodzi ya injini, P0021 ndi mbali inayo, ndiye mbali zonse ziwiri kudwala limodzi, komanso pokhapokha ikatentha oilo atapyapyala, zimenezo zikuloza ku puresha osati ku ma solenoidi. Ya 2007 ili ndi injini ya VQ35HR, ndipo iyi pamodzi ndi 370Z zoyambirira zili ndi timagasiketi ta pepala pa tinjira ta oilo kuseri kwa kavala ya tayimingi. Tikang'ambika oilo amathawira mkati momwemo, panja simuona dontho ngakhale limodzi, galimoto ikuoneka yoyera koma puresha ikutsika. Chowawa nchakuti nyali ya oilo pa dashibodi imayaka puresha itatsikiratu, nthawi imeneyo ma beyaringi avutika kale.

Ndiye musadalire nyali, mekaniki amange geji yeniyeni ayeze puresha injini itatentha bwino, itangoima ikulira komanso atakweza ma rev, ayerekeze ndi buku la Nissan. Timagasiketi tomweto ndi totchipa koma kuti mutifike pamachoka zambiri kutsogolo, ndi ntchito yoti galimoto imagona ku galaja, ndipo poti patseguka kale ndi nzeru kuonanso tcheni, ma tenshona ndi pampu ya madzi kuti musalipire kawiri ntchito imodzi. Funso lalikulu lomufunsa bamboyo ndi lakuti wayenda nayo nthawi yaitali bwanji chiyambireni ma khodiwa, nanga amaithamangitsa? Ngati yakhala miyezi ikukwapulidwa ili choncho, mudule fyuluta ya oilo muone ngati muli tizitsulo tonyezimira. Tikakhalamo isiyeni ngakhale atsitse bwanji.

FUNSO: Celica ya injini ya 2ZZ yomwe ndayesa sikukankha ikafika pamwamba ngati mmene anthu amanenera. Ndi yakufa? Mnyamata wa Toyota

YANKHO: Ayi aise, mwina ayi. Choyamba lifiti ya 2ZZ-GE, yomwe imatsegula ma valavu mokulirapo kuti injini ikankhe, imalowa cha mma 6,000 rpm ndipo siilowa injini isanatenthe, nde ngati munayesa mutangoliza kapena munaopa kuponda kufika pamenepo, kayeseninso. Ikakanabe, injini zoyambirira za mtundu uwu zimathyola timabawuti tiwiri togwira shafuti ya ma rokala, Toyota inadzasintha kapangidwe kake, ndipo tikapezeka tisanadukiretu ndi ntchito yochepa pansi pa kavala ya pamwamba. Kachidutswa ka bawuti kotsalira mkati kovuta kuchotsa ndi komwe kamakweza mtengo. Onaninso mulingo wa oilo ndi kasefa ka solenoidi ya lifiti. Pa mafunso atatu a mwezi uno yanuyi ndi yomwe ndingalimbe nayo mtima kukambirana mtengo, bola kavala itsegulidwe musanalipire, muone ngati ma kamu sanadyeke.