Kodi mbale ndi masupuni zingagone m'furiji ya paulendo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wokhala ku Blantyre koma kwawo ndi ku Nsanje. Akuti anagula furiji yonyamula m'galimoto, ya malita 40, yoyendera batire, ndipo akufuna kutsika nayo kuno kuchigwa cha Shire mu Okutobala. Agona m'tenti masiku awiri ku Majete ndi banja lawo, kenako apitirire kumudzi, kuseri kwa Bangula, kukaona makolo. Funso lawo ndi ili: "Mbale, makapu, masupuni ndi mipeni ndingaziike m'furiji momwemo pamodzi ndi chakudya? Ndikuona ngati ndi malo okhawo m'galimoto amene fumbi, nyerere ndi mphemvu sizifikako, komanso mozizira tizilombo sitingakhalemo."

Achimwene, zikomo polemba. Furiji ikamagwira ntchito, isiyeni isunge chakudya chokha, ziwiya muzipezere kwina. Ikakhala yozimitsa, yopanda chakudya komanso youma m'kati, mbale zouma zitha kulowamo, koma mpeni ndi foloko ayi. Nkhawa yanu ya fumbi ndi nyerere ndi yoona ndithu, ndiye tiyeni tiikambe bwinobwino.

Ndiyambe ndi mawu anu omaliza aja, chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Kumangotichititsa ulesi kuti tisachulukane msanga, n'chifukwa chake chakudya chosachedwa kuonongeka chimafuna madigiri 5 kapena kutsikirapo. Mbale yosatsuka bwino ikalowa m'furiji, idzatulukamo ndi litsiro lake lomwelo. Choipa kwambiri n'chakuti mbale yoyera itha kutulukamo itadetsedwa. Taganizani: mwagula nyama ya mbuzi pa Dyeratu, kapena nsomba za makakana za m'madambo a Elephant Marsh, mwamanga m'jumbo, mwaika pansi m'furiji. Galimoto ikamadumpha m'maenje jumbo ija imadontha, ndipo madzi a nyama yaiwisi amayenderera mpaka pa supuni imene mwana adyera phala mawa m'mawa. Nyamayo muiphika, tizilombo take tifa pamoto. Nanga supuniyo aiphika ndani? Ife kuno kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Nsanje ndi Chikwawa sanasiyidwe. Ndikamva za chiwiya chodyera chokhudzana ndi zaiwisi, mtima wanga sukhala m'malo.

Pali chinanso chimene anthu a kumtunda sachidziwa mpaka atachiona okha. Tulutsani mbale yozizira m'furiji masana a Okutobala pa Ngabu, pamene kunja kwapitirira madigiri 40. Musanapakule n'komwe, mbaleyo ichita thukuta, ndipo fumbi limene mumalithawa lija limatira pa thukutalo n'kusanduka kamatope. Nsima yotentha ikafika pa mbale yozizira ndi yonyowa imauma khungu pansi n'kumaterera. Mbale youma imene yakhala m'chidebe chotseka ingofunika kuitulutsa n'kupakulirapo basi.

Za magetsi ndinene mwachilungamo, chifukwa ena amakokomeza. Chitsulo sichisunga kutentha kwambiri. Mphamvu yoziziritsira lita imodzi ya madzi ndi yofanana ndi yoziziritsira zitsulo za makilogalamu pafupifupi 8, ndiye masupuni anu pawokha sangathe batire. Chimene chimatha batire ndi kutsegulatsegula. Ziwiya zikakhala m'furiji, aliyense wofuna kapu atsegula, wofuna supuni ya shuga atsegula, mwana wofuna mbale atsegula n'kuyamba kufufuza chivindikiro chili yasa. Mpweya wotentha ndi wachinyezi umalowa, kompresa, kainjini kamene kamaziziritsa furiji, n'kuyambanso kulira. Kompresa ya furiji zoterezi imakoka maampu pafupifupi 3 mpaka 5 ikamayenda pa mavoti 12. Ku Blantyre kapena ku Thyolo imapuma nthawi yaitali, koma kuno kuchigwa, makamaka m'galimoto yoimikidwa padzuwa, imangolira osapuma. Ngati mwailumikiza ku batire yolizira injini, m'mawa mutha kupeza galimoto yosalira muli pakati pa tchire. Furiji zambiri zili ndi podziletsa zokha batire ikatsika, ndipo ndi bwino kuika pamlingo wapamwamba ngati batire yanu ndi imodzi yokhayo. Ikadzizimitsa usiku galimoto ipulumuka, koma chakudya chiyamba kufunda, ndiye kutsegula kulikonse kosafunikira masana mumakulipira usiku.

Musanatsike pa Thabwa, taonaninso ngati furiji yanuyo ili ndi kompresa. Zilipo zina zotchipa zimene zili ndi kafani kokha pachivindikiro, ndipo izo zimangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 kapena 20 kuchokera pa kutentha kwa kunja. Kunja kukakhala 40, m'kati muli pamwamba pa 20. Zoterozo ndi zoziziritsira zakumwa, nyama ndi mkaka musazikhulupirire nazo kuno.

Tsopano mipeni. Apa ndilankhula zimene zinandionekera. Chaka china popita ku Mwabvi ndinaponya mpeni ndi mafoloko awiri m'furiji, pambali pa mabotolo, poganiza kuti ulendo ndi waufupi. Msewu wafumbi uja uli ndi timizere tonjenjemeretsa galimoto, ndipo titafika ndinapeza khoma la m'kati litakandika mizere yozama. Mmisiri amene ndinamuonetsa pambuyo pake anandifotokozera kuti timapaipi toyendamo gasi woziziritsa timadutsa kuseri kwa khoma lomwelo, pafupi penipeni. Nsonga ikanaboola, gasi akanathawa, ndipo kukonza kwake n'kovuta moti ambiri amangoitaya furijiyo. Pa chifukwa chomwechi, madzi akaundana m'makoma musawagobe ndi mpeni kapena supuni. Zimitsani, tulutsani chakudya, asungunuke okha, mupukute ndi nsalu.

Ndiye ziwiya zikhale kuti? Ine ndimagwiritsa ntchito bigili ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina, yomwe ija amayi amatungira madzi. Pa Nchalo kapena pa Chikwawa boma simungaisowe. Pansi ndimayala chitenje chakale chochapa bwino, n'kusanjapo mbale, makapu m'mbali. Ngati mbale ndi zadothi, pakati pa iliyonse pakhale kansalu, koma kunena zoona paulendo wotere tengani zachitsulo kapena zapulasitiki yolimba, zadothi zitsale kunyumba. Masupuni ndi mafoloko ndimawakulunga m'nsalu imodzi n'kumanga ndi mphira. Telala aliyense wa pakhonde angakusokereni kansalu ka matumbatumba kopinda ngati mphasa, ndipo ubwino wake ndi wakuti mukachipinda n'kuona thumba lopanda kanthu mumadziwa kuti supuni imodzi yatsala pamchenga. Mpeni ukhale ndi chikwama chakechake, ngakhale cha katoni wopinda ndi womata. Mthiko ndi chipande zikhale pamwamba, chifukwa mtengo umachedwa kuuma ndipo ndiwo umayamba kuchita nkhungu. Mapoto amwaye asalowe m'bigili imeneyi, aikeni m'thumba lawo.

Bigiliyo muyikire malo ake m'galimoto. Isatsamire pa timazenera tamphepo ta furiji, pamene pali fani, chifukwa kutentha konse kochokera m'kati kumatulukira pamenepo. Mukapatseka ndi katundu, kompresa imatentha n'kumadya batire chabe. Siyani mpata wolowa dzanja mbali imeneyo. Isakhalenso pamwamba pa chivindikiro, pakuti kulemera ndi kugwedezeka kumafinya mphira wotsekera, ndipo mphira ukafooka kuzizira kumathawa osaoneka. Zonse ziwiri zimangidwe ndi lamba kapena chingwe. Amene watsikapo mapiri aja kuchokera ku Blantyre mpaka pa mlatho wa Kamuzu akudziwa mmene katundu wosamanga amathamangirira kutsogolo pa kona iliyonse.

Koma chivindikiro chothina chimathandiza pokhapokha chimene mwatsekeracho chili choyera ndi chouma. Nyerere ndi mphemvu sizitsata mbale, zimatsata mafuta ndi shuga wotsalira pa mbaleyo. Tsukani mukangotha kudya, mkute wa m'poto musaugoneke. Beseni loyamba likhale la sopo, lachiwiri lotsukuluzira, ndipo ngati madziwo mukuwakayikira, tsirani madzi owira pa ziwiya pomaliza kapena gwiritsani ntchito madzi othira klorini monga mmene a zaumoyo amatilangizira. Kenako ziume zokha padzuwa. Makolo athu poimika thandala kuseri kwa nyumba ankadziwa chimene akuchita, ndipo kumudzi kumene mukupitako mukalipeza. Kutenti, thandala lanu likhale basiketi ya waya ya m'furiji ina yakale, kapena chitenje choyera choyala pa tebulo. Dzuwa la kuno silichedwa, mphindi zowerengeka mbale zauma gwa. Kupukuta ndi kansalu kamodzi kamene kapukuta manja, tebulo ndi poto kumabwezera litsiro pa mbale, ndiye ngati mupukuta, ikhale nsalu ya ntchito imeneyo yokha.

Madzi a kuno alinso ndi khalidwe lawo. Mijigo yambiri ya m'chigwa chino imatulutsa madzi amchere, ndipo ena mwa ife tinakulira pa madzi otero. Supuni zotchipa ndi mipeni yachitsulo wamba zikatsukidwa m'madzi amenewa n'kutsekeredwa zonyowa, pakangopita masiku zimatuluka madontho a dzimbiri. Ngati mwanyamula madzi akumwa okwanira, kapu imodzi yotsukuluzira mipeni pomaliza siingakusaukitseni. Ndipo chonde, achimwene, ngakhale madzi atachepa bwanji, musatume ana kukatsukira mbale ku Shire. Ng'ona za mtsinje uno zatilanda anthu ambiri amene anangowerama pagombe ndi beseni. Ku Majete kuli mikango, njovu ndi zina zimene a African Parks, bungwe loyang'anira malowa, akhala akubwezeretsamo chiyambire 2003, ndiye tsatirani zimene oyang'anira akuuzeni za potayira madzi otsukira ndi zotsala. Anyani ndi apusi amaphunzira msanga kuti bigili ndi furiji zimakhala ndi zabwino, choncho mukamachoka patenti zonse zilowe m'galimoto, magalasi otseka, galimotoyo pamthunzi.

Ziwiya zimene ndimazilola m'furiji yoyaka ndi zimene zikusunga chakudya, monga kontena yotseka bwino ya ndiwo zotsala, nazonso zitayamba zapola kunja. Poto wotentha asalowemo, ndipo supuni isatsale m'ndiwo. Nyama yaiwisi ikhale m'kontena yakeyake yosadontha, pansi penipeni, zophikaphika pamwamba. Mpata ukatsala, dzazanimo mabotolo a madzi amene agona m'furiji ya kunyumba usiku wonse. Madzi ozizira kale amasunga kuzizira pamene mwazimitsa injini, ndipo pofika ku Bangula mudzawafuna kuposa china chilichonse m'galimotomo. Furijiyo muiyatse kunyumba dzulo lake pamagetsi a m'nyumba kuti inyamuke itazizira kale.

Pobwerera ndi pamene ganizo lanu lija lingagwire ntchito. Chakudya chikatha, zimitsani furiji, itsukeni m'kati ndi madzi ofunda a sopo pang'ono, iume ndi chivindikiro chotsegula. Ikauma, mbale ndi makapu zouma zitha kulowamo zitakulungidwa m'chitenje kuti zisagunde makoma, ndipo bigili ija mutha kuidzaza ndi mapira kapena nyemba zimene amayi akupatseni kumudzi. Mipeni ndi mafoloko zikhalebe kunja m'nsalu yawo. Mukafika ku Blantyre tulutsani zonse, ndipo poisunga furijiyo ikani kansalu kopinda pakamwa pake kuti chivindikiro chisatsekeke chonse. Ikatsekedwa miyezi iwiri ili ndi kachinyezi m'kati, mudzaipeza yada ndi nkhungu m'mphira muja, ndipo fungo lake limalowerera mpaka m'makapu apulasitiki. Mukadutsa pa Chikwawa boma potsika, musanalowe ku Majete, bigili mugule pomwepo, muyese chivindikiro chake ndi dzanja musanalipire. Muwapatse moni makolo kumudziko.